Achimwene, za masipeya a makina ochekera mitengo aja, a chainsaw

Achimwene mwaswera bwanji, alamu ndi ana ali bwanji kumeneko? Ine kuno ndili bwino. Ndati ndingojambula mawu chifukwa zoti ndilembe zonsezi pa foni sindingathe, ndiye mumvetsere mpaka kumapeto, olo muwamvetsere limodzi ndi amakaniko anu aja zingakhale bwino kwambiri.

Zithunzi za masipeya a pa intaneti munatumiza zija ndaziona. Zoona mtengo wake ndi wokopa, silinda, pisitoni, maring'i, magasiketi mpaka pulagi zonse m'bokosi limodzi, pa ndalama yoti kwa dila weniweni mwina ingangokwanira pisitoni yokha. Sindikukana kukugulirani ayi. Kungoti pa chainsaw zilipo zinthu zoti mutha kugula zotchipa mtima uli m'malo, pomwe zina zikafa sizifa zokha, zimapita ndi injini yonse kapena mwendo wa munthu.

Tiyambe ndi silinda poti ndi yomwe yavuta. Mkati mwa silinda amakutiramo kachitsulo kolimba kopyapyala kuti ring izitsetsereka osadya khoma. Pa masilinda abwino nthawi zambiri amaika Nikasil, pa otchipa ambiri ndi chrome, ndiye ena kukutako amangochita mwachisawawa makamaka m'mphepete mwa mabowo olowera mafuta ndi otulukira utsi, ikayamba kumatuka pamenepo imakanda pisitoni, ring imakodwa, basi makina azima. Sikuti onse otchipa ndi oipa, alipo ena amagwira ntchito bwinobwino ndithu, vuto ndi loti pa chithunzi onse amangowala mofanana. Ndiye silindayo ikafika amakaniko asathamangire kumanga, ayambe ayendetsa chala m'mphepete mwa mabowo aja, ngati pali pakuthwa apalepo pang'ono. Komanso pali tiwaya tiwiri togwira pini ya pisitoni, amati ma circlip, timeneto ta m'bokosi lotchipa musatikhulupirire, gulani tenitenito, ndi tinthu tating'ono totchipa kale koma kamodzi kakafwamphuka mkati injini ikuthamanga kamaphwanya zonse mwagulazo. Kamuvi kali pamwamba pa pisitoni kaloze ku ekizozi, amakaniko akudziwa koma akumbutseni.

Koma funso lalikulu lomwe simunandiyankhe ndi ili, pisitoni yakaleyo inakandika chifukwa chani? Pisitoni siimangopsa yokha achimwene. Kawirikawiri ndi mpweya wolowa mozemba, kaya pa ma seal a crankshaft, timarabala totseka m'mbali mwa shafti yomwe pisitoni imazungulitsa, kaya payipi ya mafuta yang'ambika, kaya karabala ka pakati pa kabuleta ndi silinda katha, ndiye injini imalandira mpweya wambiri mafuta ochepa, imalira bwino zedi ngati yapeza mphamvu koma ikuzipsereza mkati. Kapena oyilo anachepa mu petulo. Mukamanga silinda yatsopano musanapeze chomwe chinapha yakaleyo, kaya ndi yodula kaya yotchipa, ifanso chimodzimodzi, ndipo mudzanena kuti ndinakutumizirani feki.

Silinda yakaleyo musataye chonde, olo amakaniko anene kuti yatha. Nthawi zambiri zomwe zimaoneka ngati mikwingwirima mkatimo ndi aluminiyamu ya pisitoni yomwe inasungunuka n'kumatirira pakhoma, akaichotsa bwinobwino pansi pake pamakhala posalala. Ayese ndi chikhadabo, ngati sichikukodwa mumzere wakuya ndiye kuti silindayo ikadali moyo, tingogula pisitoni yabwino ndi maring'i basi. Ine kwanga silinda yeniyeni yakale yotsukidwa ndi bola kuposa yatsopano yosadziwika komwe yachokera.

Za mafuta ndinene pompano ndisanaiwale. Stihl ndi Husqvarna amati 50:1, kutanthauza 100 ml ya oyilo wa 2T wabwino mu malita 5 a petulo. Makina otchipa aja amalembedwa 5200 kapena 5800 ambiri amati 25:1, ndiye 200 ml mu malita 5 omwewo. Muone zomwe zalembedwa pa makina anuwo, ndipo anyamata ochekawo aziyeza, osamangothira ndi maso. Oyilo wa galimoto mu petulo ayi.

Kabuleta, apa ndi mwayi wa munthu. Yotchipa yathunthu nthawi zina imatsika mtengo kuposa timarabala tokonzera yeniyeni, ina mukamanga imalira kamodzi n'kamodzi, ina mungatchune tsiku lonse osakhazikika. Ngati yomwe ilipoyo yalembedwa Walbro kapena Zama, isungeni, tingosintha timarabala ta mkati tija, amati ma diaphragm. Ndipo sikulu yotchunira mafuta ya pa kabuleta yalembedwa H asamaitseke kwambiri pofuna kuti makina azikuwa, ndi njira ina yowotchera pisitoni imeneyo.

Tsopano tcheni. Munangoti ndikugulireni tcheni yaitali ngati yakale ija, sizimatheka choncho. Pamafunika manambala atatu. Pitch, yomwe ndi kutalikirana kwa mfundo za tcheni, monga .325 kapena 3/8 kapena .404, kenako gauge yomwe ndi kunenepa kwa timano toyenda mumpata wa bar, chitsulo chachitali chomwe tcheni imazungulirapo, imakhala 1.3 mm, 1.5 mm kapena 1.6 mm pa makina akuluakulu, kenako chiwerengero cha timano tomweto. Zonsezi zimadindidwa pa bar kufupi ndi pomwe pamalowa mabawuti, ngati zafufutika ingowerengani timano ta mkati pa tcheni yakaleyo. Mukaphonya gauge tcheni imagwedera mumpatamo n'kumacheka mokhota, matabwa onse mphepete zopindika, kapena siilowa n'komwe.

Tcheni yotchipa kwambiri chitsulo chake chimakhala chofewa, imabuntha msanga, imatanuka, munthu amangokhalira kunola ndi kukunga m'malo mocheka, petulo akungopita. Kwa wodula nkhuni mwa apo ndi apo palibe vuto, koma inu makina amagwira ntchito tsiku ndi tsiku pa mitengo yolimba, ndiye bola Oregon kapena Stihl yeniyeni. Ndikuti yeniyeni chifukwa mabokosi abodza olembedwa mayina omwewa aliponso ambiri, mtengo ukatsika modabwitsa muzikayikira. Tupa nayenso ali ndi saizi yake, .325 ndi 4.8 mm, 3/8 ndi 5.2 kapena 5.5 mm kutengera kampani. Komanso tcheni yatsopano pa sipuroketi yodyeka, kagudumu ka mano koyendetsa tcheni kaja, ndi kutaya ndalama, imaitafuna. Lamulo lake ndi loti matcheni awiri akatha musinthenso sipuroketi. Bar muziitembenuza kuti izidyeka mbali zonse, ndipo oyilo wakuda wokhetsedwa mu injini ya galimoto asamathire kwa tcheni, amapha kapampu.

Pomwe sindikufuna n'komwe tikambirane za kutchipa ndi pa buleki ya tcheni. Bande yake, sipuling'i yake, ndi kachitsulo kapansi kogwira tcheni ikaduka. Makina akabwerera kumaso, amati kickback, chimakupulumutsani ndi buleki imeneyo, ndipo zimachitika mwachangu kwambiri munthu sangazembe. Ngati inathyoka anyamata n'kungoichotsa monga amachitira ena, mundiuze zoona, ndigula imeneyo poyamba zina zidikire.

Zinazi gulani zotchipa musavutike, chingwe cholizira, chogwirira chake, makava apulasitiki, manati, chitsekerero cha thanki. Fyuluta ya mpweya yotchipa ndi yabwinobwino bola ikhale yokhala bwino osasiya mpata, utuchi ukamalowa mkati umadya pisitoni pang'onopang'ono. Pulagi makina ambiri amagwiritsa NGK BPMR7A, mpata wake 0.5 mm, koma muyang'ane kaye yomwe ilimoyo.

Ndiye chomwe ndikufuna kwa inu ndi ichi. Mundijambulire nambala ya makinawo, chifukwa alipo ambiri ofanana mtundu ndi maonekedwe koma mkati ndi osiyana, mujambulenso manambala a pa bar, dzina la pa kabuleta, ndipo amakaniko amasule ekizozi ajambule pisitoni kudzera pabowopo, ngati atsegula kale ajambule mkati mwa silinda pa dzuwa kuti zioneke. Ayezenso kukula kwa pisitoni mu ma mm. Zikangofika ndiodala sabata yomweyo. Mupereke moni kwa amayi, muwauze ndiwaimbira Lamulungu.