Makalata a Omvera: Mulipireni Kaye Wochapa Uja

Moni nonse omvera athu, kuyambira muno mu Mzuzu mpaka ku Ekwendeni, Nkhata Bay ndi konse kumene mawuwa akufika. Monire mose. June walowa ndi chisanu chake, ndiye amene muli ndi juzi valani, amene muli ndi majuzi awiri musatseke wailesi, nkhani yanu ikubwera. Makalata abwera ochuluka sabata ino, ena apapepala, ena pa WhatsApp, ndipo ambiri akuyankha phunziro lathu lija la pa Yakobo 1:5, lonena kuti wosowa nzeru apemphe kwa Mulungu amene amapatsa mosatonza.

Tiyambe ndi mnyamata wa Fomu 4 wa ku Zolozolo. Akuti, "Bambo, ndipempherereni nzeru, mayeso a MSCE ayandikira koma masamu akundizunguza mutu." Tikupempherera, mwana wanga. Koma Danieli amene Mulungu anampatsa nzeru ku Babulo uja anakhala pa maphunziro a mfumu zaka zitatu. Ukati amen, tsegula buku. Ndipo foni imene watumizira uthengawu uwapatse amayi akusungire mpaka mayeso atatha.

Agogo a ku Chibavi akungopereka moni, akuti wailesi yawo imagwira bwino akaiika pamwamba pa thumba la chimanga. Zikomo agogo, thumbalo lisathe msanga, tingakutayeni.

Tsopano khalani pansi. Kalata iyi yalembedwa pa pepala lothothola m'kope la mwana wa sukulu, mbali zonse ziwiri, ndipo bolopeni inkatha inki mwakuti mizere yomaliza anachita kudinda. Dzina ndalisunga monga mwapempha, mayi. Ikuti:

"Ine ndine mayi wamasiye wa ana atatu, ndimakhala ku Mchengautuba. Ndimachapa ndi kukolopa pakhomo lina m'tauni muno. Abwana anga ndi anthu opemphera kwambiri, bambo ndi mkulu wa mpingo, mayi amatsogolera amayi anzawo. Mwezi watha anapita kukapereka mabulangete ndi shuga kwa ana amasiye. Bulauzi yoyera imene mayi anavala tsikulo ndinachapa ndine, ndinasita ndine, ndi ayironi yamakala poti magetsi anali atazima. Mwana wawo anandionetsa zithunzi zake pa Facebook. Koma ine miyezi itatu tsopano sindinalandire malipiro. Ndikafunsa amati dikirani, zinthu zavuta, Mulungu adziwa. A landilodi andipatsa mpaka kutha kwa mwezi uno. Ana anga nawonso ndi amasiye, koma amafunda chitenje. Inu munati tipemphe nzeru, ndapempha. Kodi nzeru yake ndi kungokhala chete? Kapena ndichimwa ndikakawanena, poti ndi odzozedwa a Mulungu?"

Mayi, pepani. Pepani kwambiri. Sindikudziwa mpingo wake ndipo sindifuna kuudziwa, chifukwa nditautchula enanu mupuma mpweya wabwino n'kumati si kwathu. Nkhaniyi ili m'mipingo yathu yonse.

Ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri poti ndi losavuta. Ayi, simuchimwa. Mawu aja a pa Salimo 105:15 oti musakhudze odzozedwa anga ankanena za Abrahamu, Isake ndi Yakobo pamene ankayendayenda m'maiko a eni ali anthu owerengeka, Mulungu n'kumadzudzula mafumu kuti asawazunze. Anali mawu otchinjiriza ofooka kwa amphamvu. Lero tawatembenuza, akutchinjiriza amphamvu kwa ofooka. Mneneri Natani anamuloza chala Davide, mfumu yodzozedwa ndi mafuta enieni, ndipo fanizo limene anagwiritsa ntchito linali la munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa ka mnzake wosauka kuti achereze mlendo. Imvani bwino pamenepo: mlendoyo anadyadi, anakhuta, mwina anathokoza. Koma nyamayo inali ya wosauka. Mabulangete amene anapita kwa ana amasiye aja, ena mwa iwo munagula ndinu, mayi, ndi miyezi yanu itatu ija. Kungoti pa chithunzi simunaonekepo.

Malipiro si mphatso, abale anga. Ndi ngongole. Levitiko 19:13 akuti malipiro a wantchito asagone kwa iwe kufikira m'mawa. Deuteronomo 24:14-15 akuti umlipire dzuwa lisanalowe, pakuti ndi wosauka ndipo mtima wake uli pamenepo, angafuulire kwa Yehova n'kukhala tchimo kwa iwe. Yakobo yemwe uja wa nzeru, mukafika pa mutu 5 ndime 4, akuti malipiro amene munawabisira okolola m'minda yanu akufuula. Mulungu anapereka malire a usiku umodzi, ife tikufika miyezi itatu, kenako Lamulungu tikuimirira kutsogolo kuwerenga mawu.

Ndikudziwa wina ku Katoto kapena ku Chimaliro akuti, koma bambo inu simukudziwa mmene zinthu zavutira. Ndikudziwa, nanenso ndimagula shuga. Chichokereni November 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ngakhale a pa tayi akulira. Koma ngati zavutadi, muitaneni wantchito wanu, mukhale naye pansi ngati munthu, mumupatse theka, mumuuze tsiku la theka linalo, ndipo tsikulo likafika musazimitse foni. Zoti ndalama ya mafuta a galimoto yokaperekera mabulangete ilipo koma ya amene wachapa bulauzi palibe, zimenezo si kuvuta kwa zinthu. Ndi kusankha kumeneko.

Tsono funso lanu loyamba, loti kodi nzeru ndi kukhala chete. Solomo atapempha nzeru ku Gibeoni, pa 1 Mafumu 3, anapempha mtima womvera kuti aweruze anthu bwino. Mlandu woyamba umene Baibulo likutiuza kuti anaweruza unali wa akazi awiri adama okanganirana khanda, anthu amene pa mudzi sakanapatsidwa ngakhale mpando. Nzeru yochokera kumwamba inayambira ntchito pamenepo, pa dandaulo la mkazi wonyozeka. Ndipo mayi wa mwana wamoyo uja sanakhale chete, anapita kwa mfumu kukalankhula. Inunso lankhulani, koma mwadongosolo.

Tengani kope lomwe mwathothola pepalali, mulembemo tsiku limene munayamba ntchito, ndalama zimene munagwirizana, ndi miyezi imene simunalandire. Mupite kwa mayiwo panokha, nthawi yoti palibe alendo, muwaonetse. Akakuuzaninso za dikirani, mutenge munthu mmodzi kapena awiri achikulire amene iwo amawalemekeza. Zikakanika, kwa abusa. Ndi njira ya pa Mateyu 18 imeneyo, sindinaipeke ine. Ndipo ngati kumpingo akuphimbirana, dziko lili ndi lamulo la ntchito, Employment Act la mu 2000, ndipo wantchito wa m'nyumba ali momwemo. Ofesi ya zantchito ilipo muno mu Mzuzu, khoti loona milandu ya pantchito liliponso. Kupita kumeneko si kupanda chikhulupiriro. Paulo mwiniwake anachita apilo kwa Kaisara.

Sindikunamizani, ntchito ikhoza kutha. Anthu ena akachita manyazi amakwiya m'malo molapa. N'chifukwa chake ndikupempha amayi a kumpingo kwanu ku Mchengautubako, ngati mwamuzindikira mnzanuyu, musamusiye apite yekha ku ofesi ya zantchitoko, ndipo yambani kumufunsira ganyu kwina. Mutu umodzi susenza denga. A landilodi, ngati mukumvetsera, onjezerani masabata awiri, nyumba yanu sithawa.

Ndakhalitsa pa kalata imodzi, wokonza pulogalamu akundiloza wotchi kuseri kwa galasi. Achimwene, dikirani, Mulungu adziwa.

Koma ndisanachokepo, makalata onga amenewa akubwera kawirikawiri. Mlonda wa ku Luwinga analemba kuti amagona panja m'chisanu chino opanda jekete pamene galu wa abwana ali ndi kanyumba kofolera malata. Mnyamata wa ganyu ku Masasa anakumba dzenje la zinyalala n'kulipidwa nsapato zakutha, ati ndi dalitso. Tazolowera kuganiza kuti wosauka ndi uja wakutali, wa kumalo osungira ana, amene timapitako pa minibasi ya hayala titavala yunifolomu. Wa pakhomo pathu sitimuona chifukwa timamuona tsiku lililonse. Lazaro sanali ku dziko lina, anali pa chipata cha mwini chuma. Timapita ku msika wa Zigwagwa, tinenerera mayi wogulitsa mpiru mpaka atichotsere K100, tipempherenso basera, Lamulungu pa Paper Sunday tikuvina ndi ndalama m'mwamba kuti a MC atchule dzina lathu. Yesu anati dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita. Ife lamanja likupereka, lamanzere lagwira foni. Ndipo mwana amene mukumujambula atanyamula paketi ya shugayo mwamufunsa ngati akufuna kuti anzake a kusukulu amuone choncho?

Taonani mmene Mulungu anakonzera pa Levitiko 19:9-10. Pokolola usamalize m'mbali mwa munda, usatole khunkha, usiyire wosauka ndi mlendo. Palibe mzere, palibe mwambo, palibe kugwada. Wosauka akulowa m'munda, akutola ndi manja ake, akubwerera kwawo ndi ulemu wake. Boazi anafika pouza anyamata ake kuti azigwetsa dala ngala zina kuti Rute atole, ndipo asamudzudzule. Makolo athu ankachita zomwezo osawerenga Levitiko, khunkha la mtedza sankaletsa munthu. Sindikuti lekani kupita kwa ana amasiye. Pitani, ndipo chisanu chino pitani ndi mabulangete ambiri. Koma mudzere pa khomo la kukhitchini kwanu.

Bambo wina wa ku Chiputula wakwiya. Akuti anakumana ndi munthu pa depoti akulira kuti waberedwa ndalama ya thiransipoti yopita ku Karonga kumaliro, anamupatsa, sabata yotsatira anamupezanso pomwepo maliro ake omwewo. Akuti kuyambira lero sapatsanso munthu, ndipo watumiza 2 Atesalonika 3:10, wosafuna kugwira ntchito asadye. Achimwene, maliro a ku Karonga amenewo ngotalika ndithu. Mwapusitsidwa, zimawawa, koma musalange amasiye onse a mu Mzuzu chifukwa cha tambwali mmodzi. Paulo ankanena za abale a mumpingo amene ankakana ntchito n'kumangoyendayenda, osati wodwala kapena amene waisaka ntchito osaipeza. Ulendo wina wofuna thiransipoti mupite naye kwa kondakitala mukalipire nokha, wanjala mumugulire chakudya. Woona adzathokoza, wabodza adzakumbukira kuti ali ndi kwina kopita. Pa Machitidwe 6, atumwi atamva dandaulo loti amasiye ena akuiwalidwa pogawa chakudya, anauza abale kuti asankhe amuna asanu ndi awiri odzala ndi Mzimu ndi nzeru. Nzeru, pa ntchito yogawa chakudya! Ndiye kuti ankadziwa kuti kupatsa kumafuna mutu, kumafuna kudziwa amene ukumupatsayo, kumene amagona ndi chimene chamugwetsa.

Funso lofanana nalo lachokera kwa mtsikana wa ku Mzuzu University, akufunsa za ana opemphetsa m'tauni. Mwana wanga, ndalama ya m'manja nthawi zambiri imamusunga mwanayo mumsewu. Mufunse dzina, mugulire chakudya, ndipo ukafuna kuthandiza kopitirira apo kafunse kwa a St John of God, akhala akugwira ntchito ndi ana oterewa muno mumzinda.

Wina wosatchula dzina akufunsa ngati mkhristu angachite katapila. Werengani Eksodo 22:25-27. Akuti ukabwereketsa wosauka usamuikire chiwongoladzanja, ndipo ukatenga chofunda chake ngati chikole umubwezere dzuwa lisanalowe, poti afunda chiyani? Amene munagonapo ku Mzuzu mu July opanda bulangete ndime imeneyo simufuna womasulira. Ndipo poti simunatchule dzina, ndikuganiza muli ndi mapoto a eni m'nyumbamo. Abwezeni.

Wa kabaza wa ku Katawa akuti anthu ovala bwino ndi amene amavuta kulipira, akafika amati alibe chenji. Mwamva nokha, sindiwonjezerapo.

Mayi a ku Ekwendeni akufunsa ngati Miyambo 19:17, yonena kuti wochitira chifundo wosauka abwereketsa Yehova, ikutanthauza kuti akapereka nkhuku adzalandira mbuzi. Mayi, Yehova si banki m'khonde, sagawana mu December. Perekani nkhukuyo chifukwa mnansi wanu wadwala ndipo akufunika msuzi.

Otsala tiwerenga sabata yamawa, kuphatikizapo ya bambo a ku Nkhata Bay ya masamba asanu ndi limodzi yotsutsa zimene ndinanena za chakhumi. Bambo, ndaiyamba, ndili pa tsamba lachitatu, ndipo mpaka pano simunafike pa funso.