Makalata a Omvera: Mulu wa Manyowa Ukununkha

Kalata yoyamba madzulo ano yachokera kwa mayi wina wa ku Domboshava, pafupi ndi Harare ku Zimbabwe, amene makolo ake anachokera ku Dedza. Akuti:

"Bambo muulutsi, amayi asanu ndi mmodzi a m'mudzi mwathu tinagwirizana zopanga manyowa, poti feteleza wakwera mtengo. Tikakagulitsa ndiwo ku msika wa Mbare Musika ku Harare timabwerako ndi masamba a kabichi ndi tomato woola, n'kuunjika pamodzi ndi ndowe za ng'ombe. Koma muluwo ukununkha, ukuchucha madzi akuda, ntchentche zangoti mbwee. Talakwitsa pati?"

Zikomo mayi, mundiperekere moni kwa anzanuwo. Musataye mtima ayi, muluwo wangokhuta madzi ndipo ukusowa mpweya. Kabichi ndi tomato ndi madzi okhaokha, zimafuna zinzake zouma. Phwasulani muluwo. Pansi yalani mapesi a chimanga oduladula, pamwamba pake masamba a kumsikawo, kenako ndowe, n'kuwaza dothi pang'ono. Bwerezani choncho mpaka ufike m'chiuno.

Mukatero zikani ndodo pakati. Pakapita masiku atatu kapena anayi izuleni muigwire. Ikakhala yotentha, ntchito yayambika. Tapaninso dzanja limodzi mufinye: pazingotuluka kadontho kamodzi kapena kawiri. Pakatha milungu iwiri kapena itatu tembenuzani, zakunja zilowe m'kati. Manyowawo akapsa amada bii, amanunkhira ngati dothi la mvula yoyamba. Ku Malawi ena amamata mulu wonse ndi matope, ndiye manyowa a chimato aja. Mukayamba pano, pofika Novembala mudzakhala ndi othira m'maenje anu a Pfumvudza, ulimi wobzala m'maenje osagaula munda wonse.

Chondipweteka mtima ine ndi utsi umene ndimauona m'minda chilimwe chino. Anthu akutentha mapesi omwewa amene amayiwa akuwasowa!

Bambo wina wa ku Epworth, pafupi ndi Harare, akufunsa: "Achimwene, kodi manyowa a Mbeya amene abale athu kumudzi amawatchula pa foni ndi otani?"

Bambo, amenewo amasakaniza gaga, phulusa, zitosi za nkhuku kapena ndowe za nkhumba, feteleza wa m'sitolo pang'ono ndi madzi. Amathira m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati, n'kumanga zolimba, n'kuika pamthunzi masiku 21. Za miyeso yake, kafunseni alangizi a zaulimi a m'dera lanu musanatsegule thumba la feteleza lija.