Chithunzi cha kumbuyo chasowa pa tsamba lanu? Musalosere, funsani browser

Moni nonse amene mwatsegula vidiyoyi. Tsamba mukuliona pa sikirinili ndalipanga dala kuti tiphunzirirepo. Tiyerekeze kuti ndi la malo ogona alendo kunyanja. Pa laputopu yanga likuoneka bwino: chithunzi cha nyanja chadzaza kumbuyo, mawu oyera ali pamwamba pake. Tsopano onani tsamba lomweli nditalikweza pa seva, kompyuta yosunga tsamba kuti anthu azilipeza pa intaneti. Nyanja ija kulibe. Mawu oyera agwera pamalo oyera, sakuwerengeka n'komwe.

Zikatere ambiri timathamangira mu fayilo ya CSS, momwe timalembamo malamulo a maonekedwe a tsamba, kusintha apa, kusintha apo, kenako n'kuyamba kumwaza paliponse !important, liwu lokakamiza lamulo kuti lipambane ena. Ndikupempheni, anzanga, imani kaye. Browser, pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti, ikudziwa chimene chalakwika, ndipo mukaifunsa imanena. Pa Chrome, Firefox kapena Edge dinani F12 pa kiyibodi, kapena dinani batani la kumanja la mausi pamalo povutapo n'kusankha Inspect. Zonse za lero tichitira m'kawindo katsegukaka.

Funso loyamba ndi lakuti: kodi chithunzicho chafika? Pitani pa Network, tsegulaninso tsambalo, muone mndandanda wa mafayilo onse amene browser yapempha ku seva. Fayilo ya chithunzi changa ndi iyi, yalembedwa mofiira, pambali pake pali nambala 404. Nambala imeneyi ikutanthauza kuti seva yafunafuna fayilo ya dzina limenelo koma sinaipeze. Ndiye vuto si mtundu, si kukula kwa chithunzi, koma dzina kapena njira yokafikira kumene chili.

Yang'anitsitsani dzinalo. Mu CSS ndinalemba nyanja.jpg, zilembo zonse zazing'ono. Fayilo yeniyeniyo dzina lake ndi Nyanja.JPG. Windows sasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono pa mayina a mafayilo, n'chifukwa chake pa laputopu zonse zimayenda. Koma maseva ambiri amayendera Linux, ndipo kwa Linux amenewa ndi mayina awiri osiyana. Ine ndinazolowera kulemba mayina onse a mafayilo m'zilembo zazing'ono, opanda mpata pakati pa mawu, ndipo vutoli linatheratu.

Njira nayo imasokoneza anthu ambiri, ndiye tiyeni tichedwepo pang'ono. Onani mafoda anga. Pamwamba pali index.html, fayilo ya HTML ya tsamba lenilenilo. Pambali pake pali foda ya css, mkati mwake muli style.css. Palinso foda ya zithunzi. Mukalemba malamulo a CSS mkati mwa index.html momwemo, njira yakuti zithunzi/nyanja.jpg imagwira. Tsiku lomwe mudzasamutsire malamulowo mu style.css, chithunzi chidzasowa, ngakhale simunasinthe chilembo ndi chimodzi chomwe. Chifukwa chake n'chakuti browser imayamba kuwerenga njira kuchokera pamene pali fayilo ya CSS, osati pamene pali tsamba la HTML. Yaima mu foda ya css, ikufunafuna foda ya zithunzi m'menemo, ndipo mulibe. Muyenera kuiuza kuti ituluke kaye, ndipo chizindikiro chake ndi madontho awiri ndi kamzere kopendekeka:

background-image: url("../zithunzi/nyanja.jpg");

Ndatsegulanso tsamba. Pa Network palembedwa 200, kutanthauza kuti fayilo yafika. Koma taonani, nyanja sikuonekabe.

Apa ndi pamene pali phata la nkhani yonse. Kwa browser, chilichonse pa tsamba ndi bokosi. Mutu ndi bokosi, ndime ndi bokosi, chigawo chapamwambachi ndi bokosi. Mtundu kapena chithunzi cha kumbuyo chili ngati penti wopaka pa bokosilo. Penti sakulitsa khoma. Khoma likakhala lalifupi, pentiyo athera pomwepo, ndipo ngati khoma palibe, palibenso popaka. Choncho chithunzi chikafika koma osaoneka, funsani msinkhu wa bokosi lake. Pitani pa Elements, kapena Inspector ngati muli pa Firefox, lozani chigawocho ndi mausi. Browser ikuonetsa muyeso: mulifupi 1366, msinkhu 0.

Zatheka bwanji, pamene mkati mwake muli mawu ndi mabatani? Zinthu zonse za mkatimo ndinaziika float, lamulo loyandamitsa chinthu kumanzere kapena kumanja. Chinthu chikapatsidwa float, bokosi lomwe lachinyamula limasiya kuchiwerengera poyeza msinkhu wake. Ana onse akayandama, kholo limaphwa mpaka 0. Sikuti CSS inawonongeka. Håkon Wium Lie anapereka ganizo la CSS mu 1994 akugwira ntchito ku bungwe la kafukufuku la CERN, ndipo malamulo oyamba a CSS anavomerezedwa mu 1996 ndi W3C, bungwe loika malamulo a masamba a intaneti. Float ya m'malamulo amenewo inali yoti mawu azizungulira chithunzi monga zimakhalira mu nyuzipepala. Anthu anaibwereka n'kumamangira masamba athunthu popeza panalibe chida china chabwino, mpaka kunabwera njira zatsopano zoyalira zinthu pa tsamba: flexbox, kenako grid yomwe inafika m'ma browser akuluakulu mu 2017. Ngati tsamba ndi lakale ndipo simukufuna kuligwetsa lonse, lembani display: flow-root pa bokosi la kholo, lidzayambanso kukumbatira ana ake. Ngati mukumanga latsopano, float isiyeni, gwiritsani ntchito flex kapena grid.

Bokosi lopanda kanthu mkati nalonso msinkhu wake ndi 0. Lipatseni min-height. Ndimakonda min-height kuposa height chifukwa mawu akachuluka bokosi limakula nawo, pomwe height imalimanga, mawu n'kusefukira kunja kwa penti. Ndipo height: 100% musaidalire ngati kholo lake lilibe msinkhu wodziwika. Mukafuna kuti chigawo chidzaze sikirini, lembani min-height: 100vh.

Nyanja yabwera. Koma pa tsamba lachiwirili yasowanso, kwangotsala mtundu wobiriwira. Yang'anani kumanja kuno, pa Styles. Mzere wa background-image wadulidwa ndi kamzere pakati. Kamzere kameneka n'kothandiza kwambiri, kakukuuzani kuti lamuloli lagonja kwa lina. Kwezani maso pang'ono mulione lomwe lapambana. Kumunsi kwa fayilo ndinalemba background: green. Liwu lalifupi lakuti background silisintha mtundu wokha. Limabwezeretsa zonse za kumbuyo pachiyambi, chithunzi, malo ake, kukula kwake, kupatula zimene mwatchula pamzerewo. Ngati mukungofuna mtundu, lembani background-color. Nthawi zina lamulo limagonja chifukwa linzake ndi lolemera: la id limaposa la class, la class limaposa la dzina la tag. Akafanana kulemera, lomwe lalembedwa pomaliza ndi limene limapambana. !important imabisa mkangano umenewu osauthetsa, ndipo mawa mudzafuna !important ina yoti igonjetse yoyambayo.

Tsopano kamzere koyera kali pamwambaka, ndi m'mbali monsemu. Kam'mbali n'kosavuta: browser payokha imapatsa body, bokosi la tsamba lonse, margin ya 8px, kutanthauza mpata wa kunja kwa bokosi, ndiye lembani margin: 0 pa body. Kapamwambaka n'kochenjera. Mutu wa h1 uli ndi margin yakeyake pamwamba, ndipo ngati bokosi lomwe laukumbatira lilibe padding (mpata wa mkati mwa bokosi) kapena border (mzere wozungulira bokosi), margin ija imatulukira kunja n'kukankhira bokosi lonse pansi. Ikani padding pamwamba pa bokosilo, kapena chotsani margin ya mutuwo, mpata utsekeka.

Tiyeni pa foni, chifukwa kwathu kuno anthu ambiri adzaliona tsamba lanu pa foni, osati pa laputopu ngati yanuyo. Dinani kachizindikiro ka foni pakona ya kawindo kathu kaja. Ngati zonse zikuoneka ting'onoting'ono ngati nyerere, mwaiwala mzere wa viewport m'mutu wa HTML, uja wonena kuti width=device-width. Popanda umenewo foni imayala tsamba ngati sikirini ya 980px mulifupi, kenako n'kulifinya kuti likwane.

Mzerewo ndauika, koma tsamba likutsetsereka cham'mbali, ndipo kumanja kwatsala mpata woyera pomwe mtundu wa kumbuyo wathera. Pali bokosi lina lomwe latuluka m'malire. Kuti mulipeze msanga, ikani kwa kanthawi outline: 1px solid red pa zinthu zonse pogwiritsa ntchito chizindikiro cha nyenyezi. Ndikunena outline osati border, chifukwa outline sitenga malo, choncho sisuntha kanthu. Ndi ili, latulukira kumanjaku. Tiwerengere limodzi. Ndinalipatsa width: 100% ndi padding ya 20px mbali zonse. Mwa chizolowezi chake, CSS imaika padding pamwamba pa width imene mwalemba. Pa foni ya 360px, bokosi lakhala 360 kuphatikiza 20 kumanzere ndi 20 kumanja, yonse 400px. Ma pixel 40 amenewo ndi amene akukankha tsamba. Mankhwala ake ndi box-sizing: border-box, yomwe imalowetsa padding ndi border mkati mwa muyeso womwe mwalemba. Ine ndimaiika pa zinthu zonse kumayambiriro kwa fayilo iliyonse ndisanalembe china. Chithunzi wamba chikatuluka m'malire, max-width: 100% imachibweza. Samalaninso ndi width: 100vw, chifukwa pa kompyuta imawerengera ndi malo a kachotsetserezera ka kumanja kaja, bokosi n'kupitirira pang'ono.

Pa foni yoimika, background-size: cover imadzaza bokosi lonse koma imadula chithunzi m'mbali. Bwato lomwe linali pakona lasowa. Sinthani background-position kuti mbali yofunikayo ikhale pakati pa maso. Background-attachment: fixed, ija yochititsa chithunzi kuima pamene mawu akuyenda, imavuta pa Safari ya iPhone, ndiye pa mafoni ndi bwino kungoichotsa.

Chinanso chimene chimandikhudza ndi ichi. Bwererani pa Network muone kulemera kwa chithunzi changa: 4 MB, monga chinachokera mu kamera. Munthu amene wagula bandulo yaing'ono akulipira chithunzi chimenechi, ndipo netiweki ikakhala yofooka adikira nthawi yaitali akuyang'ana mawu oyera pamalo oyera. Chichepetseni musanachikweze, muchisunge ngati WebP kapena JPEG yofinya. Ndiponso nthawi zonse ikani background-color yakuda bwino pansi pa chithunzi, kuti mawu aziwerengeka chithunzi chisanafike.

Mwakonza zonse, mwakweza pa seva, kenako mwini tsamba akuimba foni kuti sakuona kusintha kulikonse. Musayambirenso kusintha CSS. Browser yake inasunga style.css yakale kuti isamaikokenso nthawi zonse. Pa kompyuta yanu dinani Ctrl, Shift ndi R pamodzi kuti ikoke yatsopano. Kwa alendo anu, amene simungawauze mmodzimmodzi, pitani mu HTML pamene mwaitanira fayiloyo, musinthe kukhala style.css?v=2. Browser iona ngati ndi adiresi yatsopano, ndipo ikoka fayiloyo ku seva. Mukadzasinthanso CSS, mudzalembe v=3.