Makalata a omvera: "Simuli ngati akuda akunowa"

Takulandirani omvera. Kalata yoyamba yachokera ku Joni, kwa mayi a ku Mangochi amene apempha kuti tisawatchule dzina. Alemba motere:

"Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg. Tsiku lina adona anandiuza pamaso pa mnzanga wachizulu kuti, 'Inu Amalawi ndinu aukhondo ndi okhulupirika, simuli ngati akuda akunowa.' Ine ndinathokoza. Chiyambire tsikulo mnzangayo sandiyankhula. Ndinalakwa chiyani, poti ankandiyamikira?"

Zikomo mayi. Ndikudziwa kuti pantchito munthu amathokoza msanga poteteza mchere wa ana. Koma tamveraninso mawu aja. Adona akanangoti "mumagwira bwino ntchito", palibe akanakhumudwa. Iwo anakukwezani poponda pamutu pa mnzanuyo, ndipo khungu limene analinyozalo ndi lomwe inunso muli nalo.

Makolo a mnzanuyo anakulira pansi pa lamulo la 1950 limene linkagawa anthu a ku South Africa m'magulu potengera khungu. Ena ankachita kuwalowetsa pensulo m'tsitsi pofuna kudziwa gulu lowaikamo. Ulamuliro wa tsankho umenewo unatha ndi chisankho cha 1994, koma bala la mtundu wotere silipola msanga. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mawu oti mlendo ndi wabwino kuposa mwini dziko amakolezera chidani. Tonse tikukumbuka abale athu atabwerera pa mabasi, ena chimanjamanja, pothawa zipolowe za 2008 ndi 2015. Pitani kwa mnzanuyo, mayi, mumuuze kuti mawu aja anakuwawani nanunso mutawaganizira bwino.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo a ku Ndirande. Akuti: "Paukwati ndinauza mlamu wanga kuti wakongola ngati mzungu. Anandikalipira pagulu. Kodi kuyamikira kunasanduka mlandu?"

Bambo, alamu anuwo anamva kuti kukongola kwenikweni n'kwa azungu, iwo angoyandikirako. Mawu amenewa timawanena tsiku ndi tsiku osaganiza, ndipo ndi omwe akukankhira atsikana athu ku mafuta oyeretsa khungu. Ena mwa mafutawa ali ndi hydroquinone, amene South Africa inaletsa m'zodzola mu 1990 chifukwa amawononga khungu. Kapepeseni, bambo, ndipo muwauze kuti zovala zimene anavala paukwati paja zinawakhala.