Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa

(Mawu awa anayankhula ndi mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma, Lamulungu mapemphero atatha, pansi pa mtengo wa mango pamudzi wina kunja kwa Chipata. Tawalemba monga anatulukira pakamwa.)

Zikomo anyakwawa, zikomo abusa, amayi ndi abambo nonse. Ana inu kumbuyoko khalani pansi, fumbi mukuutsalo tikupuma ndi ife. Sinditalikitsa, dzuwa la Okutobala silicheza ndi munthu.

Chimene tatsalira mukuchidziwa. Kasupe wa patsinde pa phiri waphwa. Ine ndinabadwira pano, mano anamera mpaka ayamba kuguluka ndikumwa madzi a pamenepo, koma sindinamuonepo ali gwa chonchi. Lachitatu pa mjigo amayi awiri anagwirana mabulauzi chifukwa cha mzere, onse a Chigwirizano cha amayi a mpingo, onse oimba bwino. Maina sinditchula, akudzidziwa. Ena atatopa ndi mzerewo anakatunga kudambo, ana anatsegula m'mimba, mmodzi anagona kuchipatala. Tithokoze Mulungu kuti watuluka ndipo sinali kolera. Koma mantha tinali nawo, chifukwa sitinaiwale kolera imene inayamba mu Okutobala 2023 ku Lusaka, anthu oposa 700 anapita m'dziko muno, bwalo la mpira la Heroes linasanduka chipatala, ana anatsegulira sukulu pa 12 Febuluwale m'malo mwa Januwale.

Tsono mphekesera zayamba. Ena akuti kasupe amutsirika. Ena akuti Mulungu watikwiyira. Ine Lachisanu ndinakwera phiri ndi mdzukulu wanga, maondo akulira, kukaona ndekha. Mfitiyo ndinaipeza, abale. Ili ndi mpini. (Kuseka.) Zitsa zokhazokha kuyambira pamwamba mpaka pamutu pa kasupe. Mauvuni a makala, ena akufukabe. Mkuyu uja tinkakhala pansi pake tikamadikira mtsuko kudzaza, palibe. Ndipo mmunsi pang'ono wina wakumba dzenje, waika injini, akukokera madzi kudimba la tomato usiku anthu tili mtulo. Ndiye mawu anga lero ndi amodzi, ndiwabwereza mpaka mutope nawo: kusakhutira kumaumitsa chitsime.

Ndiloleni ndikhale mphunzitsi pang'ono, choko sichinachoke m'zala. Tiyerekeze kuti madzi onse a padziko lapansi tawathira m'ndowa 100. Ndowa 97 ndi zamchere, za m'nyanja zazikulu, ungamwe ludzu limangowonjezeka, ungathirire chimanga chimapsa. Mwa zitatu zotsalazo, pafupifupi ziwiri ndi madzi oundana kumaiko ozizira kumalekezero a dziko. Pafupifupi imodzi ili pansi pa nthaka. Mitsinje yonse ndi nyanja zonse zamadzi abwino, Luangwa, Zambezi, nyanja ya Malawi, zonse pamodzi, ndi ngati kapu imodzi. Kapu imodzi! Koma kapu imeneyi sinathepo chilengedwere dziko. Chifukwa chiyani?

Chifukwa Mulungu anaika dongosolo. Dzuwa lomwe likutiwotcha pano likuwotchanso nyanja ya India. Madzi amakwera ngati nthunzi ya pa mphika, mchere umatsala pansi. Palibe kampani imene ingasefe madzi ochuluka chotero, Iye amasefa ulere, alibe mita, satumiza bilu. Mphepo imanyamula mitambo ija, ina kuchokera kunyanja, ina kuchokera ku Congo, n'kudzaikhuthula pamapiri athuwa kuyambira Novembala mpaka Malichi. Madzi ena amalowa m'nthaka, otsala amatsika ndi Msandile, ndi Lupande, kulowa mu Luangwa, Luangwa kukathira mu Zambezi, Zambezi kudutsa Mozambique kubwerera kunyanja komwe anachokera. Mlaliki anaziona kalekale pa mutu 1 ndime 7, kuti mitsinje yonse imathira m'nyanja koma nyanja sidzaza. Yobu 36 akunena za Mulungu wokoka madontho a madzi kupita kumwamba. Anthu aja analibe labotale.

Koma mvetsani apa, chifukwa mlandu wathu uli apa. Mvula imagwa miyezi isanu. Ife timamwa miyezi khumi ndi iwiri. Nanga isanu ndi iwiri inayo madzi amakhala kuti? Nkhokwe yake ndi phiri. Dontho likagwa pamtengo limatsika pang'onopang'ono, limapeza masamba ofunditsa nthaka, limalowa motsata mizu, limayenda m'ming'alu ya miyala miyezi ndi miyezi, mchenga ukulisefa, n'kudzatulukira patsinde lili mbee, lozizira. Ameneyo ndiye kasupe. Salimo 104 likuti Iye atumiza akasupe m'zigwa, ayenda pakati pa mapiri, nyama zonse zakuthengo zimamwapo. Ukadula mitengo, ukatentha tchire pofuna mbewa, mvula imagwa padazi. Imathamanga tsiku limodzi, yofiira, kukumba zigwembe, kukakwirira madamu ngati a Lutembwe amene a m'tauni amamwako. Nkhokwe taiphwasula tokha, lero tikufunsa kuti chimanga chapita kuti.

Sindikukana kuti chilala chilipo. Cha 2024 tinachiona tonse, a Pulezidenti Hichilema mpaka analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko, chimanga chinauma chitamasula, Kariba anatsika, magetsi ankabwera ngati mlendo. Koma 1992 kunalinso chilala choopsa, tinadya chimanga chachikasu, akuluakulu mukukumbukira, ndipo kasupe uyu sanaphwe. Anachepa, tinkadikira ndi chikho, koma sanaphwe. Chasintha n'chiyani? Kumwamba kapena ife?

Agogo anga aakazi sankadziwa kuwerenga. Koma kukasupe sankalola munthu kupita ndi mphika wamwaye, kuchapirako, kapena kuthyola ngakhale nthambi ya katope. Ankati kuli chinjoka, mwini madzi, ukachiputa chimasamuka ndi madzi ake. Ife titaphunzira, titabatizidwa, tinaseka. Tinati zachikunja. Chabwino, njokayo tinaichotsa. Koma m'malo mwake tinaikamo chiyani? Agogo ankaopa njoka n'kusunga kasupe. Ife tikuti timaopa Mulungu wamoyo, mwini wake weniweni, n'kumapita ndi nkhwangwa. Zimandichititsa manyazi. Pamene mishoni yoyamba kuno, mu 1899, dzina lake ndi Magwero, inanso ndi Madzimoyo. Maina a madzi okhaokha, eni ake tili ndi ludzu.

Paulo polembera Timoteo, kalata yoyamba mutu 6, akuti kupembedza pamodzi ndi kukhutira ndi phindu lalikulu, sitinabwere ndi kanthu, sitidzapita ndi kanthu, tikakhala ndi chakudya ndi chofunda zitikwanire. Munthu wa makala sindikumuweruza, ndikudziwa feteleza ndi wodula, sopo ndi wodula. Thumba limodzi, awiri, kuti ana adye, Mulungu amaona. Koma pamene wayamba kuwerenga kuti mnzanga wagula njinga yamoto, inenso, mnzanga wagula foni yaikulu, inenso, phiri lonse limathera pa njinga kupita kumsika wa Kapata. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kusakhutira kumaumitsa chitsime.

Ndi inunso amayi, musaseke abambo. Mjigo umodzi, wina akubwera ndi zigubu khumi, ana ake onse pamzere, mwala uliwonse akuti ndi malo ake. Kunyumba madiramu awiri ali tho, mpaka ayamba ndere, udzudzu ukuswana. Mnzako wa mwana kumsana ali ndi ndowa imodzi. Mana m'chipululu ankatola a tsiku limodzi. Amene anabisa a mawa anapeza mphutsi. Eksodo 16, kawerengeni.

(Mayi wina anaimirira: "Pepani akulu, ndifunse nawo. Ine ndimadzuka folo koloko, ndimabwera kunyumba dzuwa lili pamutu ndi ndowa ziwiri. Mwana amene anagona kuchipatala ndi wanga. Ndiye mukuti ndikhutire? Ndizimwa matope ndikuimba aleluya? A m'tauni amangopotokola mpopi, iwo Mulungu amawakonda kuposa ife?")

Khalani pansi mayi, zikomo. Musawaletse, afunsa bwino, funso limeneli lili m'mitima ya ambiri, iwo angolimba mtima. Ndipo pepani ndi mwana.

Iyayi mayi. Ndikanena kuti muzimwa matope mwakachetechete, ndine wabodza ndipo Baibulo silili kumbali yanga. Aisraeli atafika pa Mara anapeza madzi owawa. Mulungu sanati imwani choncho, khutirani. Anaonetsa Mose mtengo, anauponya m'madzi, madzi anakoma. Anthu a ku Yeriko anapita kwa Elisa n'kunena poyera kuti mudzi uno ndi wabwino koma madzi ndi oipa. Elisa sanawadzudzule kuti ndinu odandaula. Anaitanitsa mbale yatsopano ndi mchere, anapita kugwero, anakonza. Onani, anapita kugwero, osati kumtsuko. Tsono botolo la klorini lija si kusowa chikhulupiriro. Kuwiritsa madzi si kusowa chikhulupiriro. Kupita kwa khansala kukanena kuti mudzi wakula, mjigo umodzi sukukwana, ndalama za boma zachitukuko za CDF zitiganizireko, si tchimo. Pitani, ndipo ine ndikuperekezani.

Kukhutira kumene Paulo akunena ndi kwa mumtima. Ku Afilipi 4 akuti ndaphunzira, ndipo akulemba ali m'ndende. Anaphunzira, sanabadwe nako. Ndi kuleka kuyeza moyo wako ndi muyeso wa mnzako. Inu mayi, ndowa ziwiri sizikukwanirani, kumeneko ndi kusowa, si dyera. Dyera ndi la uja wa injini, ndi uja wa zigubu khumi. Ndipo mukaonetsetsa, kusowa kwanu kwabadwa ndi kusakhutira kwa wina. Mulungu anagwetsa mvula yokwanira tonse, pa olungama ndi osalungama monga Yesu ananenera. Wina anadya gawo lanu lisanafike.

Za a m'tauni, ndinakhalako zaka zambiri ndikuphunzitsa. Mpopi uja umalira mphepo masiku ena, anthu a m'makomboni a Mchini ndi Nabvutika amaima pamzere ndi ndalama m'manja, pamene inu mumatunga ulere. Ndinali ndi mnzanga wina, nyumba yabwino, madzi m'nyumba, koma akabwera kuno ankanyamula chigubu cha madzi a kasupe wathu, ati amenewa ndiwo madzi. Ife tikusirira iye, iye akusirira ife.

Chinanso, Isake. Genesis 26. Afilisti anakwirira zitsime za atate wake, iye anazifukula. Atakumba chatsopano, abusa a ziweto anakangana naye, anachitcha Eseke. Anakumba china, mkangano, Sitina, anasuntha. Chachitatu panalibe phokoso, anati Rehoboti, Yehova watipatsa malo. Munthu uja sanamenye wina ndi ndowa, komanso sanapinde manja. Ankakumba. Wokhutira wa m'Baibulo ali ndi khasu m'manja, mayi. Mwandimva? Eya.

Ndipo tisanapite kwa khansala tiyang'ane pamwamba pa mitu yathu. Kuno mvula imagwa pafupifupi mamilimita 1,000 pachaka. Denga la malata la mamita 6 kwa 8 limalandira malita 48,000. Ndi madiramu 240 a malita 200. Onsewo timawasiya akukumba maziko a nyumba, ife tili pakhonde kudandaula kuti mvula yachuluka. Walira mvula walira matope, koma ife timalira zonse ziwiri.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana kumoto, nyemba zikupserera. Ndithamange.

Kuyambira lero, pamutu pa kasupe nkhwangwa isafike, moto usafike, anyakwawa avomera ndipo chindapusa adzanena okha. Injini ija ichoke sabata ino, mwini wake tikambirana pambali. Pa mjigo zigubu ziwiri munthu mmodzi, ukafuna zina bwerera kumapeto kwa mzere, okalamba ndi apakati atsogole. Madzi a kudambo osamwa osawiritsa, awire mpaka abwadamuke, kapena thirani klorini monga alembera pabotolo, mudikire mphindi 30. Vundikirani, chikho chotungira chikhale chake, ana asapisemo manja. Chimbudzi chitalikire chitsime mamita 30, ndipo chikhale kumunsi, osati kumtunda. Amene mulibe chimbudzi, Deuteronomo 23 akukudikirani, ngakhale asilikali kumisasa ankauzidwa kukumba ndi kufotsera. Mwana akatsegula m'mimba, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga, theka la supuni yaing'ono ya mchere, azimwa muli panjira yopita kuchipatala, osadikira kuti kuche. Ziweto zikamwere kumunsi. Mvula ikayamba tibzala mikuyu, katope, mbawa ndi nsungwi kuzungulira kasupe. Bulugamu ayi, ameneyo ndi chidakwa. Kusakhutira kumatani? (Anthu: "Kumaumitsa chitsime!") Eya, ngakhale ogona ayankha.

Loweruka sikisi koloko tonse kukasupe, abambo makasu ndi mafosholo, achinyamata mutute miyala, tikachotse matope ndi kumanga mpanda. Amayi awiri aja mubwere ndi ndowa zomwezija, mukanyamulire limodzi mchenga. A komiti ya mjigo mutsale pang'ono, pali nkhani ya ndalama za mapaipi. Abusa, titsekereni ndi pemphero.