Garbage collector ilipo, nanga memory ikuthera kuti?

Moni nonse. Pulogalamu ya Java ili ndi garbage collector yoti izichotsa ma object osafunika, koma pulogalamuyo ikagwira ntchito kwa maola angapo imatha kugwa ndi OutOfMemoryError, uthenga woti memory yatha. Zimatheka bwanji?

Nkhani yagona apa: garbage collector sidziwa ngati object mukuifunabe kapena ayi. Imangofunsa funso limodzi: kodi pali njira yofikira pa object imeneyi?

PA SIKIRINI: mabokosi olumikizidwa ndi mizere. Bokosi ndi object, mzere ndi reference, yomwe imalozera pomwe object ili.

Imayambira pa malo otchedwa GC roots, kapena kuti mizu, monga ma variable a m'ma method omwe akugwira ntchito panthawiyo, ma static field ndi ma thread amoyo. Ikachoka pamenepo imalondola reference iliyonse, bokosi ndi bokosi, n'kumaika chizindikiro. Bokosi lomwe latsala lopanda chizindikiro ndiye zinyalala, ndipo malo ake amabwezedwa. Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu: John McCarthy anaiyambitsa mu chiyankhulo cha kompyuta chotchedwa Lisp cha m'ma 1959.

Taonani mabokosi awiri awa. A akugwira B, B akugwira A, koma palibe mzere wochokera ku mizu wofika pa iwo. Java imawachotsa onse awiri. Python yotchuka ija, CPython, imawerenga kuti object iliyonse yagwiridwa kangati, ndipo awiriwa sangafike pa 0 chifukwa akugwirana okhaokha. N'chifukwa chake mu Python 2.0, chaka cha 2000, anawonjezeramo gawo lofufuza ma object ogwirana chonchi.

Tsopano vuto lenileni. Mwapanga static HashMap (tebulo losunga value iliyonse pansi pa key yake) yosungira zithunzi kuti musamaziwerenge kawiri. Chithunzi chilichonse chikatsegulidwa chimalowa m'menemo, ndipo palibe amene amachitulutsa. Wogwiritsa ntchito anachoka kalekale pa tsamba la chithunzicho, koma mzere wochokera ku static field ukadalipo. Garbage collector ikafika imapeza zonse zili zofikirika, n'kudutsa. Sinalakwitse. Inuyo ndi amene mwagwira.

Reference wamba ili ngati chingwe cholimba: bola chamangidwa, object sichoka. Mu 1998, Java 1.2 inabweretsa java.lang.ref, momwe muli ma reference omwe ali ngati ulusi. Amakulozerani pomwe object ili, koma garbage collector ili ndi ufulu wowadula.

Tiyambe ndi WeakReference.

PA SIKIRINI:
WeakReference<Chithunzi> ref = new WeakReference<>(chithunzi);
chithunzi = null;

Mzere wachiwiriwu wachotsa reference yolimba. Ngati kulibenso ina, garbage collector ikadzadutsa, ref.get() idzabweza null, kutanthauza kuti palibe kanthu. Liti? Simungadziwe, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Onani code iyi:

PA SIKIRINI:
if (ref.get() != null) ref.get().onetsa();

Ikuoneka yabwinobwino, eti? Koma get() yaitanidwa kawiri. Pakati pa koyamba ndi kachiwiri garbage collector itha kudutsa, inu n'kulandira NullPointerException, chifukwa mwaitana onetsa() pa null. Choipa kwambiri n'choti zimachitika mwa apo ndi apo, moti poyesa pulogalamu simuziona. Chofunika n'kuyamba mwaigwira object:

PA SIKIRINI:
Chithunzi c = ref.get();
if (c != null) c.onetsa();

Variable c ndi reference yolimba, choncho object sichoka mpaka mutamaliza nayo.

Palinso WeakHashMap, yomwe imagwira ma key ake mofooka: key ikapanda woigwira kwina, key ija imachoka limodzi ndi value yake. Koma chenjerani, ma value imawagwira molimba. Value ikakhala ndi reference yolozera ku key yake yomwe, key ija imakhala yofikirika mpaka kalekale, ndipo memory imangodzazabe ngati poyamba.

SoftReference ndi yolimbirako. Nthawi zambiri JVM, pulogalamu yomwe imayendetsa code ya Java, imaisiya mpaka memory itayamba kuchepa, ndipo lonjezo lake n'lakuti ma soft reference onse otere adzadulidwa OutOfMemoryError isanatuluke. Anthu akamva zimenezi amathamangira kupanga cache, malo osungira zinthu ngati HashMap ya zithunzi ija. Ine sindilimbikitsa zimenezo. Cache yotere imakula mpaka memory itatsala pang'ono kudzaza, garbage collector n'kumavutika, ndipo si inu amene mumasankha chochotsedwa. Kuli bwino cache yokhala ndi malire, yomwe ikadzaza imataya chomwe chakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito. LinkedHashMap imatha kuchita zimenezi kudzera mu removeEldestEntry.

Yachitatu, PhantomReference, ndi yodabwitsa: get() yake imabweza null nthawi zonse. Ntchito yake ndi uthenga basi. Mumailumikiza ku ReferenceQueue, ndipo object ikafa, reference ija imaponyedwa mu queue kuti mudziwe zoti mutha kumasula zinthu zomwe zili kunja kwa heap, dera la memory momwe ma object amakhala. Kale anthu ankadalira finalize(), method yomwe inkaitanidwa object isanachotsedwe, koma inkachedwetsa kuchotsa ma object, mwinanso kuukitsa object yomwe inafa kale. Kuyambira Java 9, chaka cha 2017, finalize() ndi deprecated, kutanthauza kuti sikulimbikitsidwanso, ndipo kunabwera Cleaner, yomwe pansi pake imagwiritsa ntchito ma phantom reference omwewa.

Ngakhale zili choncho, fayilo kapena connection ya database musadikire kuti Cleaner ikutsekereni. Itsekeni nokha ndi try-with-resources. Garbage collector imadzuka chifukwa cha memory, osati chifukwa choti mafayilo otsegula achuluka.

Mukafuna kuyesa zonsezi pa kompyuta yanu, pangani WeakReference ngati ija, itanani System.gc(), kenako muone zomwe get() yabweza. Kawirikawiri muona null. Koma System.gc() ndi pempho chabe: JVM itha kulinyalanyaza, ndipo wina akaiyendetsa ndi -XX:+DisableExplicitGC, mzere umenewo suchita kalikonse.