Mkuzi, chithumwa ndi liwombo la mwana

Zikomo amfumu, zikomo agogo ndi amayi nonse. Abambo amene mwakhala kumbuyoko senderani kuno, nkhaniyi ndi yanunso.

Tikamakweza ana pa sikelo timayamba tawavula, ndiye timaona zonse: mkuzi wa mikanda m'chiuno, kachithumwa kosokerera m'kansalu kakuda pakhosi, kena padzanja. Ena mumathamangira kubisa. Musamabise ayi. Ndikudziwa kuti anamanga ndi agogo tsiku lotulutsa mwana m'chikuta, kuti akule ndi mwayi, tsempho ndi anthu a mtima woipa zimulambalale. Chimenecho ndi chikondi, ndipo sindinabwere kudzanyoza.

Mkuzi ine ndimaulemekeza. Makolo athu analibe sikelo, koma ankaona: ukayamba kuthina, mwana akunenepa; ukakhwepa mpaka kutsetserekera kumatako, thupi likutha. Pitirizani kuuyang'ana chomwecho. Posambitsa mwana pisani zala ziwiri pansi pake. Zikakana kulowa, umasuleni, chifukwa umatupula khungu, thukuta n'kumakhala pabalapo.

Za pakhosi ndiye ndikugwirani mwendo. Khanda silitha kudzimasula. Likamagudubuzika usiku chingwe chija chikhoza kukola penapake n'kulibanikitsa, mayi ali m'tulo pambali pomwepo. Chikaduka, mwana amatola mkanda n'kuponya m'kamwa kapena m'mphuno. Agogo, kambiranani ndi apongozi anu, pakhosi pa khanda pakhale popanda kanthu.

Tsopano mvetserani, apa ndi pamene timataya ana. Mwana watsegula m'mimba, liwombo lalowa m'kati, maso alowa. Kunyumba mukuti chithumwa chasuluka, mukukafuna china, mukumata mankhwala pamutu. Dzuwa n'kulowa, kucha, n'kulowanso. Amayi, liwombo likalowa ndiye kuti madzi atha m'thupi. Chofunika ndi Thanzi, mankhwala aja obwezeretsa madzi m'thupi: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, kumumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni, bere osamulanda. Kuchipatala akupatsani zinc woti amwe masiku 10 mpaka 14, ndipo mumalizitse ngakhale aoneke kuti wachira. Akakana kuyamwa, akamasanza chilichonse, akakomoka kapena kulefuka, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Abambo, njinga ija ntchito yake ndi imeneyi.

Katemera wa rota, uja timadontheza m'kamwa, anayamba kuno ku Malawi mu 2012 kuti ateteze ana ku kutsegula m'mimba koopsa. Wa malungo anayamba mu 2019, ndipo dziko lathu ndi limene linali loyamba. Koma neti musasiye, mwana azigona momwemo usiku uliwonse.

Amene muli ndi mafunso tikambirana tikamaliza, agogo poyamba. Pakali pano, amene ana anu akwanitsa miyezi 9 tengani mabuku anu muime mbali iyi, tiyambe ndi katemera wa chikuku.